Lole Ikatsitsa Katundu, Msamuko Sunathe: Kuyeza ndi Kuyang'anira Ntchito Yosamutsa Antchito

Zaka zingapo zapitazo, ndikugwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina ku Kanengo, tinasamutsa mkulu wina wowerengera ndalama kuchokera ku Blantyre kubwera kuno ku Lilongwe. M'fayilo zonse zinali bwino: makotesheni atatu anatengedwa, wotchipa kwambiri anasankhidwa, lole inanyamuka ku Chilomoni Lachisanu, ndipo invoisi inalipiridwa sabata yotsatira. Chimene fayiloyo sinanene ndi chakuti loleyo inafika ku Area 25 cha m'ma 10 koloko usiku, mvula ikugwa, n'kupeza kuti munthu amene amayenera kutuluka m'nyumbamo anali asanatuluke. Dalaivala anandiimbira foni nati, "Bwana, ine mawa m'mamawa ndili ndi katundu wina wa ku Mchinji, ndiye mundiuze poti nditsitsire." Katundu anatsitsidwa pakhonde ndi m'galaja ya anthu oyandikana nawo. Matiresi ananyowa, galasi la kabati linasweka, ndipo firiji imene anaigoneka pansi m'lolemo sinazizirenso. Banjalo linakhala ku loji masabata awiri, ana awiri sanapite kusukulu mpaka teremu inatha, ndipo chaka chisanathe bamboyo analemba kalata yosiya ntchito n'kubwerera ku Blantyre. Mu lipoti lathu la pachaka msamuko umenewu unalembedwa pakati pa misamuko imene tinapulumutsapo ndalama, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Cholakwa sichinali cha dalaivala yekha. Ife tinayeza chinthu chimodzi chokha, mtengo wa lole, chifukwa ndicho chinali chosavuta kuwerenga. Koma msamuko wa wantchito sutha pamene aganyu atsitsa katoni yomaliza. Umatha tsiku limene munthuyo wakhala pa desiki yake mtima uli m'malo, akudziwa kuti banja lake lagona pabwino, ana apita kusukulu ndipo madzi akutuluka pampopi. Kampani imene ikufuna kudziwa ngati ntchito yake yosamutsa anthu ikuyenda bwino, kapena ngati amene yawalemba kuti aigwire akuigwira moyenera, iyenera kuwerengera kuchokera pa tsiku limenelo n'kumabwerera m'mbuyo.

Lilongwe ndi mzinda womangidwa ndi misamuko. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano, ndipo mu 1975 likulu la dziko linachoka ku Zomba, ogwira ntchito m'boma n'kubwera ndi mabanja awo kudzadzaza nyumba za ku Area 18 ndi madera ena. Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba kwa zaka zina pafupifupi 20, ndipo nyumba yake yeniyeni kuno inatsegulidwa mu 2010. Mpaka pano mabanki ndi makampani ambiri akuluakulu ali ndi malikulu awo ku Blantyre, pamene maunduna ali ku Capital Hill, ndipo akazembe ndi mabungwe ambiri akunja ali kuno. N'chifukwa chake msewu wa M1, makilomita opitirira pang'ono 300 kuchokera ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita pafupifupi 350 kuchokera ku Mzuzu, susowa malole osenza mipando ndi mabedi kumapeto kwa mwezi uliwonse. Chodabwitsa n'chakuti ntchito imene timaigwira kawirikawiri chonchi imayendetsedwabe m'maofesi ambiri ngati ngozi imene yangotigwera.

Kuyeza sikutheka popanda chimene mukuyezera, ndipo chimenecho ndi ndondomeko yolembedwa. Ndondomekoyo iyenera kunena amene ali woyenera kuthandizidwa, zimene kampani idzalipira, malire a ndalama pa chinthu chilichonse, amene amavomereza, ndiponso masiku amene munthu amapatsidwa kuchokera pamene walandira kalata ya transifa kufikira pamene akuyenera kuyamba ntchito kumalo atsopano. Iyeneranso kusiyanitsa munthu amene kampani yamusamutsa mwa kufuna kwake, munthu amene wapempha yekha, munthu wolembedwa kumene amene akuchokera kutali, ndi munthu amene akungopita kukagwirizira ntchito kwa miyezi yochepa, popeza anthu amenewa zosowa zawo n'zosiyana. Pamene palibe ndondomeko, msamuko uliwonse umakhala nkhani yonenerera, ndipo amene amalandira zambiri ndi wolimba pakamwa kapena amene amadyera limodzi ndi abwana, pamene mlonda kapena kalaliki amangouzidwa kuti apeze yekha kabaza kapena kagalimoto kakang'ono adzabwezeredwa. Makampani ambiri amaikamonso mfundo yakuti munthu akasiya ntchito miyezi 12 kapena 24 isanathe abweze gawo la ndalama zimene anamusamutsira. Mfundo imeneyi ndi yomveka, koma iyenera kusainidwa lole isananyamuke, chifukwa lamulo la ntchito la 2000 limaika malire pa zimene wolemba ntchito angadule pa malipiro a munthu, ndipo mikangano yotere imakathera ku Industrial Relations Court, bwalo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 loona za ubale wa pantchito.

Pa nkhani ya ndalama ndi pamene ambiri timadzinamiza. Mtengo weniweni wa msamuko umodzi umamwazikana m'mabuku osiyanasiyana, moti palibe amene amauona wonse pamodzi. Invoisi ya lole imapita ku nthambi yogula zinthu, bilu ya ku loji imalowa mu ndalama za maulendo, alawansi ya chisokonezo, yomwe ndi ndalama yothandiza munthu kukhazikika kumalo atsopano, imatuluka limodzi ndi malipiro, pamene lendi ya miyezi itatu imene eni nyumba ambiri mumzinda muno amafuna munthu asanalowe imalembedwa ngati ngongole ya wantchito. Palinso ndalama ya ejenti wopeza nyumba, lendi ya nyumba yakale imene imalipiridwabe chifukwa notisi sinathe, ndalama zolipira pa zipata za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, makatoni, aganyu okweza ndi otsitsa, yunifolomu yatsopano ya ana, ngakhalenso ngongole ya madzi imene wotuluka anaisiya ku Lilongwe Water Board. Pamwamba pa zonsezi pali msonkho, chifukwa MRA imafuna kuti wolemba ntchito alipire msonkho pa zinthu zina zimene amapereka kwa wantchito kupatula malipiro, monga nyumba ndi fizi ya ana, ndipo ndi bwino kuti owerengera ndalama aone mbali imeneyi kalata ya transifa isanalembedwe. Chinthu choyamba chimene ndimalangiza ndi chaching'ono: msamuko uliwonse upatsidwe nambala yakeyake, ndipo kwacha iliyonse yotuluka chifukwa cha msamukowo, kaya yatulukira khomo liti, ilembedwe pa nambala imeneyo.

Ndiye pali mtengo wina umene sukhala ndi risiti, womwe ndi masiku amene munthu akulandira malipiro koma sakugwira ntchito. Tiyerekeze kuti wantchito amalandira K1,100,000 pamwezi ndipo mweziwo uli ndi masiku 22 ogwira ntchito. Ndiye kuti tsiku lililonse limadya K50,000. Ngati munthu ameneyu wataya masiku 15 akuzungulira ndi maejenti ku Area 47 ndi ku Area 49, akudikira kalipentala wodzakonza bedi losweka, kapena akuima pamzere kuti asinthe dzina pa mita, kampani yataya K750,000. Ngati lole yotchipa inapulumutsa K200,000 koma n'kubweretsa theka la mavuto amenewa, masamu ake aliyense angawerenge yekha. Sikofunika kuti chiwerengero cha masiku otayikawa chikhale cholondola mpaka pa ola. Chofunika n'chakuti chilembedwe, ndipo amene angachinene bwino ndi bwana wa munthuyo kumalo atsopano.

Poyerekeza mitengo ya chaka china ndi chinzake pafunika kusamala kwambiri m'dziko muno. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho kunena kuti msamuko wa chaka chino wadula kuposa wa zaka zitatu zapitazo sikutiuza chilichonse chokhudza kagwiridwe ka ntchito. Njira yothandiza ndi kuyerekeza ndalama zimene zatuluka ndi bajeti imene inapangidwira msamuko womwewo, komanso kugawa mtengo wa lole ndi kuchuluka kwa katundu ndi kutalika kwa ulendo, kuti muone amene akukudulitsani pakati pa onyamula awiri amene anagwira ntchito mwezi umodzimodzi. M'mgwirizano wa chaka chonse ndi nzeru kulemba kuti mtengo uzisintha potsata mtengo wa dizilo umene MERA yalengeza, chifukwa wonyamula katundu amene mwamumanga pa mtengo wakale mafuta atakwera sadzakuuzani kuti walephera. Adzangochepetsa aganyu, kuphatikiza katundu wanu ndi wa munthu wina, kapena kutumiza lole ya matayala otha.

Nthawi iyenera kuyezedwa pa malo angapo. Choyamba ndi masiku ochokera pa kalata ya transifa kufikira tsiku lonyamuka, ndipo chiwerengero chimenechi chimayeza kampani yeniyeniyo, osati wonyamula, pakuti kawirikawiri kuchedwa kumayambira pa desiki ya munthu amene sanasaine. Kenako pali kusunga nthawi kwa lole, ponyamula ndi potsitsa. Pali masiku amene banja lakhala pa malo ongodikirira lisanalowe m'nyumba yake yeniyeni, ndipo pa zonse chimenechi ndicho ndimachiyang'ana kwambiri, chifukwa chimakoka ndalama za ku loji, masiku otayika ndi kukhumudwa kwa banja nthawi imodzi. Pomaliza pali masiku amene munthu amadikira kuti abwezeredwe ndalama zimene anagwiritsa ntchito za m'thumba mwake. Wantchito amene wakongola katapila kuti alipire lendi ya miyezi itatu, kwinaku fomu yake ikuzungulira m'maofesi, amakhala atayamba kale kudana ndi malo atsopanowo. Musakhutire ndi avereji pa ziwerengero zimenezi: misamuko isanu ndi inayi ya masiku atatu ndi umodzi wa masiku 40 zimapereka avereji yooneka bwino, chikhalirecho umodziwo ndi umene ungakutayitseni munthu.

Za katundu wowonongeka, mkangano wake umapambanidwa kapena kulepheredwa lole isanadzaze. Payenera kukhala mndandanda wa katundu yense, wolembedwa pamaso pa mwini wake ndi woimira wonyamula, wosonyeza chimene chinali chosweka kale ndi mtengo wa zinthu zodula monga firiji, kukala, TV ndi masofa. Masiku ano aliyense ali ndi foni yojambula, ndipo zithunzi zotumizidwa pa WhatsApp zimasonyeza tsiku ndi nthawi, choncho palibe chifukwa chotsutsirana kuti mwendo wa tebulo unathyoka liti. Mndandanda womwewo usainidwenso potsitsa, kukadali kowala. Kampani iziwerenga kuti pa misamuko imene wonyamula aliyense wagwira ndi ingati imene yabweretsa dandaulo, ndalama zake zinali zingati, ndipo zinatenga masiku angati kuti mwini katundu alipidwe. Chomalizachi ndicho chimaonetsa khalidwe la wonyamula, popeza galasi limatha kusweka ngakhale m'manja mwa munthu wosamala pa msewu wa maenje, koma wosamala amavomera n'kulipira. Apa pali msampha umene ambiri amagweramo: dalaivala akati "galimotoyi ili ndi inshuwalansi," nthawi zambiri akunena inshuwalansi ya galimoto imene lamulo limafuna, yomwe siteteza katundu amene wanyamulidwa. Inshuwalansi ya katundu wa paulendo ndi pepala lina, ndipo muyenera kuliona ndi maso anu, kuona tsiku limene likutha ndi malire a ndalama zake.

Gawo limene limanyalanyazidwa kwambiri ndi kufunsa anthu amene asamutsidwa. Makampani ena amasiyira wonyamula katundu kuti abweretse fomu yosonyeza kuti kasitomala wakhutira, koma fomu yosainidwa usiku, aganyu ataima pakhomo kudikira kuti azipita, ilibe phindu, ndipo akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kampani ifunse yokha, kawiri: patatha sabata imodzi pamene za lole zikadali m'mutu, ndi patatha miyezi itatu pamene za nyumba, sukulu ndi mayendedwe zaonekera poyera. Mafunsidwe akenso ndi ofunika, chifukwa ife mwaulemu wathu munthu akafunsidwa ndi a ku ofesi kuti "Mwakhazikika bwanji?" amayankha kuti "Bwinobwino, zikomo," ngakhale akugona pamphasa. Funso lothandiza ndi limene limafuna tsiku kapena nambala: munalowa liti m'nyumba, ana anayamba liti sukulu, ndi ndalama zingati zimene mwawononga zimene simunabwezeredwe, mumanyamuka nthawi yanji kuti mufike ku City Centre pa nthawi yake. Ndipo ngati wantchitoyo walola, funsaninso akunyumba kwake. Mayi amene anali ndi benchi ya kaunjika ku Limbe, kapena bambo amene ndi mphunzitsi wa boma ndipo akudikira kuti naye apatsidwe sukulu kuno, ndi amene amadziwa ngati banjalo likhala kapena libwerera.

Pali chizindikiro china chimene sindinachionepo m'mafomu a ofesi iliyonse, koma ndimachikhulupirira kuposa zambiri: chiwerengero cha anthu osamutsidwa amene patatha miyezi isanu ndi umodzi banja lawo likadali kumene anachokera. Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Blantyre Lachisanu madzulo amawadziwa anthu amenewa, kachikwama m'manja, ndipo Lolemba amafika ku ofesi mochedwa maso ali ofiira. Munthu wotere akulipira nyumba ziwiri ndi malipiro amodzi, ndipo kampani imene imamuwerenga ngati wosamuka kale ikudzinamiza. Zifukwa zake zimakhala zomveka, makamaka ngati mwana ali mu Sitandade 8 kapena Fomu 4 ndipo analembetsa kale mayeso a MANEB pa sukulu yakale. Chaka cha sukulu chimayamba mu September, choncho transifa yolembedwa mu February imagawa banja pakati, pamene yomweyo ikanalembedwa kuti ichitike pa tchuthi chachikulu ikanayenda mosavuta, ndiponso ikanapewa mvula ya pakati pa November ndi April imene imanyowetsa katundu ndi kutitimiza malole m'misewu yafumbi ya m'madera atsopano a mzinda uno.

Pamapeto pake muyezo waukulu ndi wakuti, mwa anthu amene munawasamutsa, ndi angati akadali pa ntchito patatha chaka chimodzi kapena ziwiri, poyerekeza ndi anzawo amene sanasamutsidwe. Onjezanipo chiwerengero cha amene anakana transifa ndi zifukwa zawo, komanso kuchuluka kwa nthawi zimene abwana anavomereza kulipira zopitirira ndondomeko. Ngati pafupifupi aliyense akupempha kuti masiku a ku loji awonjezedwe, vuto si anthuwo. Ndondomeko ndi imene yatsalira m'mbuyo poyerekeza ndi mmene nyumba zikusowera. Kampani imene imasamutsa anthu asanu ndi atatu pachaka isavutike ndi maperesenti, chifukwa munthu mmodzi yekha amagwedeza chiwerengero chonse. Buku limodzi, kapena tebulo limodzi pa kompyuta, lokhala ndi mzere umodzi pa msamuko uliwonse ndi lokwanira, bola lizilembedwa mokhulupirika ndipo wina aziliwerenga.

Tsopano za amene timawalemba kuti atigwirire ntchitoyi. Iwo ali m'magulu angapo: mwini lole amene amaima pa siteji kudikira hayala, kampani yeniyeni yosamutsa anthu imene imabwera ndi makatoni ndi anthu olongedza, ejenti wa nyumba, loji, ejenti wowombola katundu pa chipata cha dziko, ndiponso, kwa mabungwe akuluakulu, kampani imene imayang'anira onsewa m'malo mwanu. Posankha, makotesheni atatu paokha si chitetezo, pakuti si chinsinsi kuti nthawi zina atatu onsewo amachokera m'thumba la munthu mmodzi. Kotesheni yoperekedwa pafoni, wonyamula asanapite kukaona katundu, ndi kungoganizira chabe, ndipo mapeto ake ndi lole yaing'ono imene imasiya theka la katundu pabwalo kapena invoisi yachiwiri yonena kuti katundu anachuluka. Pitani kumene wonyamulayo amasunga magalimoto ake, onani ngati lole ili yotseka kapena ya lona, onani bulu buku, COF (pepala losonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi chikalata chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, ndipo imbirani makasitomala ake awiri amene mwawasankha nokha. Funsaninso mosabisa ngati lole imene idzabwere ndi yake kapena adzabwereka kwa mnzake, chifukwa katundu akawonongeka m'manja mwa munthu wachitatu aliyense amaloza mnzake. Mabungwe a boma ali ndi malamulo awoawo a kagulidwe ka zinthu amene PPDA imayang'anira, koma ngakhale kumeneko mafunso amenewa angalembedwe mu thenda kuti mtengo usakhale chinthu chokhacho chopambanitsa munthu.

Ine ndimaona kuti njira yabwino ndi kukhala ndi onyamula awiri kapena atatu pa mgwirizano wa chaka chimodzi, n'kumawagawira ntchito molingana ndi mmene buku lija likuwasonyezera. Mmodzi yekha amayamba kutayirira, ndipo tsiku limene lole yake yafa kapena ili pamzere wa mafuta, monga zinkachitikira kawirikawiri m'zaka zaposachedwapa, mumakhala mulibe kolowera. Akachulukanso, palibe amene amapeza ntchito yokwanira kuti akuwerengereni. Mgwirizanowo unene zinthu zimene zingayezedwe: kudzaona katundu pasanathe masiku akutiakuti, kufika pa ola limene mwagwirizana, kusayenda usiku, kusanyamula anthu kapena katundu wa wina, kuyankha dandaulo pasanathe masiku akutiakuti. Unenenso za zinthu zimene mabanja athu amasamuka nazo koma mapepala saziganizira, monga matumba a chimanga, nkhuku, miphika ya maluwa ndi makala. Makala makamaka ayenera kuletsedwa momveka, chifukwa malamulo a nkhalango salola kuwanyamula popanda chilolezo, ndipo thumba limodzi lingachititse kuti lole yonse igone pa rodibuloko. Kusunga gawo la malipiro mpaka mndandanda wa katundu utasainidwa potsitsa ndi chinthu choyenera.

Komatu walira mvula walira matope: kampani imene ikufuna wonyamula wosunga nthawi iyenera nayonso kulipira pa nthawi yake. Ndaonapo onyamula abwino akusiya kuyankha mafoni a kampani ina chifukwa invoisi zawo zinkakhala miyezi itatu, ndipo amene anatsala ndi okhawo amene analibe kwina kopita. Pa msonkhano wa miyezi itatu iliyonse, pamene mukuwaonetsa ziwerengero zawo, aloleni nawonso akuonetseni zanu: kangati munawauza mochedwa, kangati anafika n'kupeza katundu asanalongedzedwe, kangati anadikira makiyi. Msonkhano womwewo ndi malo ofunsira za ndalama zoyenda mobisika. Kampani yoyang'anira misamuko ingathe kumalandira komishoni kuchokera kwa onyamula ndi maloji amene imakutumizirani, ndipo zimenezi si kuba ngati zanenedwa poyera, koma muyenera kuzidziwa. Choopsa kwambiri ndi kenakake kamene kamabwerera kwa munthu wa mu ofesi mwanu, ndipo mankhwala ake ndi akuti wosankha wonyamula, wovomereza kuti ntchito yagwirika ndi wolipira asakhale munthu mmodzi.

Ena amati bwanji osangomupatsa munthu ndalama zonse kamodzi kuti adzionere yekha. Njira imeneyi ndi yosavuta ku ofesi, ndipo kwa mnyamata kapena mtsikana amene katundu wake ndi bedi, mbaula ndi masutikesi awiri imagwira bwino ntchito. Kwa banja lalikulu ili ndi vuto lakuti ndalamazo zimafika pa nthawi imene mavuto ena ali pakhomo, munthu n'kulipira fizi kapena ngongole, kenako n'kufuna lole yotchipa kwambiri yopanda inshuwalansi. Ndipo kampani imakhala yadzitseka maso, chifukwa palibenso chimene ingayeze. Ine ndimakonda njira ya pakati: kampani ilipire yokha lole, inshuwalansi ndi malo ofikira, ndipo munthu alandire m'manja ndalama ya zinthu zing'onozing'ono monga makatani, mababu ndi mayunitsi a ESCOM popanda kumufunsa risiti ya chilichonse.

Misamuko yodutsa malire a dziko ili ndi zake. Mlendo wobwera kudzagwira ntchito amafunika chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno, chotchedwa TEP, chochokera ku nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo kunyamutsa katundu wake chilolezocho chisanatuluke ndi kuika ndalama pachiswe. Popeza dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere, kontena imatsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, n'kulowa pa Mwanza, Dedza kapena Songwe, ndipo tsiku lililonse limene yakhala kupitirira masiku aulere chifukwa pepala lina lasowa limalipiridwa m'ndalama zakunja. Kontena ya mafiti 20 imatenga katundu wa makyubiki mita pafupifupi 33 ndipo ya mafiti 40 pafupifupi 67, choncho malire a mu ndondomeko ndi bwino alembedwe m'miyezo imeneyi. Bungwe la FIDI, limene likulu lake lili ku Brussels, lili ndi chiphaso cha FAIM chimene makampani osamutsa anthu pakati pa mayiko amapatsidwa akayesedwa, ndipo n'chothandiza posankha. Komabe kampani ya ku London kapena ku Johannesburg imapereka katunduyo kwa mnzake wa kuno, ndipo ameneyo ndi amene adzagogode pa geti ku Area 43, choncho dzina lake mulidziwe mgwirizano usanasainidwe.

Pambuyo pa usiku uja wa ku Area 25 tinawonjezera mzere umodzi pa fomu yathu, umene unkayenera kusainidwa tsiku limodzi lole isananyamuke. Munthu wa mu ofesi, kawirikawiri mesenjala wathu, ankapita ku nyumba yatsopanoyo ndi makiyi m'manja, n'kutsegula yekha chitseko, kuona kuti m'nyumba mulibe katundu wa munthu wina, kutsegula mpopi, kuyatsa getsi ndi kulemba manambala a pa mita zonse ziwiri. Akamaliza ankaimba foni kuti, "Bwana, ndalowa, madzi akutuluka, auzeni anyamuke." Pamenepo m'pamene ndinkaimbira dalaivala ku Blantyre kuti ayambe kukweza katundu m'bandakucha, kuti adutse pa Dedza dzuwa likadali pamutu.